Kadyetsedwe ka nsomba za koi

Alimi anzanga, koi ndi nsomba zamawangamawanga zomwe alimi a mpunga a ku Niigata, m'dziko la Japan, anayamba kuweta kalekale. Lero zimakongoletsa maiwe a pakhomo. Ine ndaona kuti zambiri sizifa ndi njala ayi, koma kudyetsedwa mopyola muyeso.

Nsombazi zilibe chifu, choncho zipatseni chakudya chochepa kangapo patsiku, choti zimalize m'mphindi 5. Kukatentha, sankhani chakudya choyandama chomanga thupi. Kukayamba kuzizira chepetsani, ndipo madzi akazizira kufika madigiri 10, lekani kudyetsa. Chakudya chotsala chimaola n'kumaliza mpweya wabwino m'madzi, nsomba n'kumabanika.

Inu oweta chambo, phunziro ndi lomweli: mu June ndi July musamathire madeya ambiri m'dziwe.