Munda Umagulitsidwa Kamodzi, Njala Imabwera Chaka ndi Chaka

Amayi anzanga, mukamayenda mumsewu wochokera pa Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, muziona mipanda ya njerwa imene yandandalika cha ku Namiasi, Nkopola ndi Makawa. Malo ambiri amene lero pali nyumba zogona alendo anali minda, madimba ndi madoko a anthu a m'midzi.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma lathu lino. Anthu akuchuluka pamene nthaka ili yomweyo, ndiye mtengo wa malo ukungokwera. Wogula akafika ndi ndalama m'manja mu Januwale, nkhokwe ilibe kanthu, kukana kumavuta.

Koma tiyeni tiwerengere bwino. Ndalama ya malo imabwera kamodzi: malata, fizi, ngongole, basi yatha. Munda umabereka chaka ndi chaka chimanga, nandolo, khobwe ndi chinangwa, ndipo dimba limatipatsa ndiwo zamasamba m'chilimwe. Nyumba ingathe kumangidwa pamiyala, koma nthaka yachonde ikathiridwa simenti sibwereranso.

Ife azamba zotsatira zake timaziona kusikelo. Banja lopanda munda limagula chilichonse, ndipo ndalama ikachepa, pa magulu 6 a zakudya pamatsala nsima yokha. Mayi woyembekezera amachepa magazi, mwana n'kupinimbira.

Lamulo la malo a makolo la 2016 lili ndi mfundo ziwiri zoti muzidziwe. Yoyamba, munda wa banja ungathe kulembetsedwa, ndipo dzina la mayi likhoza kukhala pachikalatacho. Yachiwiri, komiti yoona za malo imatsogozedwa ndi a gulupu, ndipo pa anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, amayi asachepere atatu. Kuno ambiri timatsata chikamwini, minda imadzera kwa amayi, komabe nthawi zambiri zokambirana za mtengo zimachitika ife tili kudambo.

Tsono musasainire kapena kudinda chala papepala limene simunawerengeredwe. Mukapanikizika, ndi bwino kubwereketsa munda kwa chaka chimodzi, molemberana pamaso pa amfumu, kusiyana ndi kuugulitsa. Funsani a gulupu ngati komiti ya malo ilipo kwanu, ndipo pa chisankho imani nawo.

Pa msonkhano wa mphakati mwezi uno, kambiranani funso ili: m'mudzi mwathu, ndi minda iti imene tigwirizane kuti isagulitsidwe, kuti adzukulu athu adzapeze polima?