Zilembo ziwiri zimene zinagawa kwaya yathu pakati

Lamlungu lina mwezi wa June, mphepo ya mwera ikuwomba kuchokera kunyanja, kwaya ya achinyamata imene ndimathandiza kuno ku Bandawe inagawika pakati nyimbo ili mkati. Ena anabwerera kukayambiranso ndime, ena n'kuti atatseka kale pakamwa poganiza kuti nyimbo yatha. Mpingo wonse unatiyang'ana. Titatuluka, a kwayamasitala anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, kodi ana aja munawatumizira chiyani pa foni?" Wolakwa ndinali ine, ndipo cholakwacho chinali pa zilembo ziwiri zokha: D.C.

Nkhani inayamba chonchi. Inali nyengo ya mayeso, moti oimba ambiri, makamaka ochokera ku Kande ndi ku Chintheche, sankabwera ku pulakatisi. Ine ndinalemba nyimboyo pa laputopu ndi MuseScore, pulogalamu yaulere yolembera nyimbo imene imathanso kuliza zimene walembazo. Ndinatulutsa mawu a gulu lililonse, soprano, alto, tenor ndi bass, n'kuwatumizira pa WhatsApp. Amene anaphunzira pa foni anatsata kompyuta. Amene anabwera ku pulakatisi anatsata a kwayamasitala. Sindinadziwe kuti awiriwa ankaimba nyimbo zosiyana kutalika.

Kulemba nyimbo papepala si kwachilendo kuno. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe, isanapite ku Khondowe mu 1894. Amishoni a ku Scotland ankaphunzitsa nyimbo ndi tonic sol-fa, ija ya d r m f s l t, njira imene anayambitsa Sarah Glover wa ku Norwich ndipo John Curwen anaifalitsa. Mpaka lero makwaya ambiri amaiwerenga, ndipo mukayang'ana bwino m'mapepala awo mupezamo D.C. ndi D.S. Ndiye kuti zizindikiro zobwereza agogo athu ankazidziwa kale kompyuta isanabwere.

Tiyeni tizione chimodzichimodzi. Nyimbo imadulidwa m'tizigawo tofanana kutalika, timene oimba amati ma bar. Mukaona mizere iwiri yoimirira, wina wonenepa, ili ndi madontho awiri kumanzere kwake, ndiye kuti bwererani. Mubwerere kuti? Pamene pali mizere ngati yomweyo koma madontho ali kumanja. Ngati palibe, mubwerere poyambirira penipeni. Nthawi zina ndime imatha mosiyana ulendo wachiwiri. Apa amaika kamzere pamwamba pa bar kolembedwa 1, ndi kena kolembedwa 2. Ulendo woyamba mumaimba 1, wachiwiri mumalumpha 1 n'kuimba 2. Kenaka pali mawu a Chitaliyana. D.C. ndi chidule cha da capo, kutanthauza kuyambira kumutu. D.S. ndi dal segno, kuyambira pachizindikiro chooneka ngati S yodulidwa ndi kamzere. Fine ndiye mathero. Choncho D.C. al Fine akuti bwererani kumutu, muimbe mpaka pamene palembedwa Fine.

Mu MuseScore zizindikirozi zili m'mabokosi a kumanzere otchedwa Palettes, makamaka limene alemba Repeats and jumps. Mumasankha bar imene mukufuna, n'kudina chizindikirocho, basi chakhala. Kuika n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa njira imene kompyuta idzayenda.

Nyimbo yathu inali ndi ma bar 17. Ndime inali 1 mpaka 8, bar 8 ndiye mathero oyamba, bar 9 mathero achiwiri, ndipo Fine inali pa 9 pomwepo. Kolasi inali 10 mpaka 17, pamapeto pake D.C. al Fine. Tengani pensulo tiyende limodzi. Ulendo woyamba, 1 mpaka 8: ma bar 8. Wachiwiri, 1 mpaka 7 kenaka 9: ena 8. Kolasi: ena 8. Tsopano tabwerera kumutu. Mwambo wa olemba nyimbo ndi wakuti ukabwerera ndi D.C. subwerezanso za mkati, umangopita ku mathero omaliza. MuseScore imatsata mwambo umenewu, choncho inaliza 1 mpaka 7 kenaka 9, n'kuima. Onse pamodzi 32. Koma kwaya yathu inazolowera kuimba ndimeyo kawiri ngakhale pomaliza, ndiye kuti ma bar 40.

Apa fizikisi ikanandipulumutsa ndikanaigwiritsa ntchito. Liwiro la nyimboyo linali mabiti 80 pa mphindi. Biti imodzi imatenga 60 ÷ 80, omwe ndi masekondi 0.75. Bar iliyonse inali ndi mabiti 4, choncho masekondi 3. Ma bar 32 ndi masekondi 96, ma bar 40 ndi masekondi 120. Fayilo imene ndinatumiza inkaonetsa poyera 1:36. Ndikanangoimika sitopuwotchi pa pulakatisi n'kupeza mphindi 2, ndikanadziwa kuti masekondi 24 asowa penapake. M'kalasi ndimakuuzani tsiku ndi tsiku kuti yerekezani zimene mwawerengetsa ndi zimene mwayeza. Ine mwini ndinaiwala.

Palinso china chimene ndikufuna muone. Masekondi 0.75 aja ndi period, T, ngati ya pendulum ija timayeza mu labu. Frequency yake ndi 1 ÷ T, pafupifupi 1.33 Hz. Noti ya A imene oimba amachunira zida zawo ndi 440 Hz, kutanthauza kuti mpweya umanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Palibe amene amajambula mafunde 440 pabolodi. Timajambula funde limodzi n'kunena kuti likubwerezedwa kangati. Wolemba nyimbo amachitanso chimodzimodzi: ma bar 17 papepala, 40 pakamwa. Amene mumaphunzira Computer Studies mwazindikira kale kuti imeneyi ndi loop. Chizindikiro chobwereza sichilira ayi, ndi lamulo louza woimba kopita. Ndipo lamulo lililonse lotere liyenera kuyankha mafunso atatu: ndibwerere kuti, kangati, ndipo ndikaime pati.

Munthu ukamupatsa lamulo losakwanira amadzaza yekha ndi zimene anazolowera. Kompyuta ilibe chizolowezi cha kwaya yanu. Imachita zimene mwalemba, ndipo pamene simunanene kanthu imatsata zimene anaiikira opanga ake. Kukonza kwake kunanditengera mphindi imodzi yokha. Ndinadina pa D.C. al Fine, n'kuchonga kabokosi kolembedwa Play repeats, fayilo n'kukhala 2:00.

Ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta, yesani izi. Lembani ma bar 4 okha, ikani madontho awiri aja kumapeto, ndipo musanalize werengetsani papepala kuti zitenga masekondi angati. Kenaka lizani, muyeze ndi foni. Zikasiyana musafulumire kunena kuti makina alakwa, bwererani mukaone zimene mwawauza. Ife nyimbo ija tinaiimbanso patatha milungu iwiri, ndipo tonse tinatsekera pakamwa pamodzi.