NDARAMA ZA FODYA NDI MATUMBA A MUMTIMA

Inu eni mabanja a dziko la Kasungu, imvani mau awa. Kuyambira caka ca 1990, pamene Boma linalola alimi ang'ono kulima fodya wa burley, ambiri a inu mulandira ndarama za caka conse pa nthawi imodzi, mabelo atagulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Nanga cifukwa ninji nkhokwe zikhala zopanda kanthu pofika January?

Munthu ali yense asunga matumba mumtima mwace, napatsa thumba liri lonse dzina. Kwaca ya ganyu aigwira zolimba, pakuti akumbukira thukuta la tsiku lomwelo. Koma ndarama za fodya, popeza zafika zambiri pamodzi, aziyesa mphatso; agula wailesi ndi mowa osawinya mtengo. Winanso akana kugulitsa mbuzi kuti agule feteleza, nati, mbuzi nja pa maliro. Napita kukatenga katapila amene adzadya mbuzi ziwiri. Koma wogulitsa cimanga safunsa kumene kwaca yacokera. Richard Thaler wa ku America anaphunzira khalidwe limeneli, nalandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2017.

Matumbawo sali oipa, akagawidwa mwanzeru. M'caka ca 2009 anthu ophunzira anathandiza alimi ena a fodya m'cigawo capakati kuti ndarama zao zilowe m'buku la banki, zisafike zonse m'manja. Caka cotsatira alimi aja anagula zofunika za m'munda zambiri, nakolola koposa anzao.

Cifukwa cace citani cotere. Msika usanatsegulidwe, khalani pansi ndi akazi anu, mugawe ndarama zisanaoneke. Thumba loyamba likhale la cimanga. Gulani mu June, pakuti pamenepo mtengo uli pansi, ndipo ukwera m'miyezi ya njala. Laciwiri la mbeu ndi feteleza. Lacitatu la sukulu ndi matenda. Zotsala zokha ndizo za njinga ndi nsaru, ndipo muzidye osadandaula.

Pofuna kugula kanthu, musawerenge mtengo wace m'makwaca okha. Funsani, Kodi ici cidya matumba angati a cimanga? Akuru a m'midzi yanu akumbukira njala ya 2002, imene inapha anthu ambiri kuno ku Kasungu. Cakudza siciimba ng'oma.