Pamene Ophunzira Adakhala Alendo pa Magomero

Munthu akapatuka pa Namadzi, pa msewu wochokera ku Blantyre kunka ku Zomba, nalunjika kum'mawa pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo, adzafika pa malo amene wodutsa sangawayese kanthu, koma amene adaona pangano loyamba la anthu a mayunivesite ndi eni nthaka m'dziko muno. Malowo ndiwo Magomero, m'boma la Chiradzulu. Ndipo popeza masiku ano kwachuluka mawu akuti masukulu aukachenjede agwirane manja ndi midzi pomanga mtendere, nkoyenera kuti tiyambe tamva zimene zidagwa pamenepa.

Mu Disembala 1857 David Livingstone adaima pamaso pa ophunzira a ku Cambridge, nawadandaulira za malonda a akapolo, ndipo mawu akewo adabala chipani cha mishoni chotchedwa UMCA, chimene adachichirikiza anthu a mayunivesite a Oxford, Cambridge, Durham ndi Dublin. Mtsogoleri wake adali Bishopu Charles Mackenzie, katswiri wa masamu, munthu amene chifundo chake palibe adachikana. Mu Julaye 1861, ali pa ulendo wokwera kuchokera ku Shire, iye ndi Livingstone adapezana ndi akapolo 84 amene adamasulidwa magoli pa mudzi wa Mbame; ndipo ndi anthu omwewo, ambiri a iwo akazi ndi ana, adamanga mudzi watsopano pokhota mtsinje wa Namadzi, pa malo amene adawapatsa mfumu Chigunda ya Amang'anja.

Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kachekanso mwini wake ngati dzanja lifulumira kuposa khutu. Mafumu a Amang'anja, pothedwa nzeru ndi Ayao amene adalikulowa m'dziko lawo, adadza kwa Bishopu napempha kuti awagwirire nkhondo. Ndipo iye, atawalumbiritsa kuti sadzagulitsanso munthu, adanyamula mfuti mu Ogasiti chaka chomwecho, natsogolera gulu limene lidatentha misasa ya Ayao. Padapita miyezi asanazindikire anzake a Bishopuyo kuti Ayaowo adali anthu othamangitsidwa kwawo, ofuna pokhala ndi chakudya, ndi kuti pakati pa Amang'anja omwe padali ogulitsa abale awo. Ine mtima umandiwawa pa nkhani imeneyi, pakuti anthu aja sadadze ndi chinyengo. Chidawasowa ndicho chilankhulo, ndi kudekha kumene kumaonetsa maso a nkhono. Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pa mathiriro a Ruo, mankhwala ake atamira ndi bwato. Otsala adatsikira kwa Chibisa, chilala ndi njala zidasesa dziko, ndipo pofika 1864 mishoni idasamukira ku Zanzibar.

Nthaka yomweyo idagwa pambuyo pake m'manja mwa banja la Bruce, limene lidakwatira mwana wa Livingstone, nikhala munda waukulu wa thonje ndi fodya, kumene Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi adalipira pogona pawo ndi thangata. Apa padauka wophunzira wa mtundu wina, wosachokera kutsidya kwa nyanja koma wobwerera kwawo: John Chilembwe, amene adaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, nakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe mu 1900. Iye adadziwa kulira kwa anthu chifukwa adakhala nawo. Timatchalitchi ndi timasukulu take ta udzu tidatenthedwa m'minda ya Bruce. Ndipo mu Novembala 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kutsutsa kuti amphawi a dziko lino afere nkhondo ya eni ake. Boma silidamvere. Usiku wa 23 Januwale 1915 anthu ake adalowa pa Magomero napha kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe mwini adaphedwa. Kawiri konse pa malo amodzi, munthu wa Mulungu wofuna mtendere adatsirizira pa chida.

Wachitatu adadza wopanda mfuti kapena ulaliki. Landeg White, amene adaphunzitsa pa Chancellor College kufikira boma la Kamuzu lidampirikitsa mu 1972, adabweranso kudzamva kwa nkhalamba za m'midzi imeneyi, nalumikiza zokumbukira zawo ndi makalata akale m'buku lotchedwa Magomero: Portrait of an African Village, la mu 1987. Lero pa Magomero pali koleji yaboma yosula alangizi achitukuko ndi osamalira anthu, amene ntchito yawo, ikagwiridwa bwino, iyamba ndi kulonjera mfumu ndi kukhala pamphasa.

Koma buku lija lidalembedwa m'Chingerezi, nilisindikizidwa ku Cambridge, komwe kuja kudachokera Bishopu. Ndikadakonda kuona ophunzira athu a mbiri a ku Zomba, amene kwawo ndi kuno ndi mtunda wosafuna kamba, atalinyamula kudzaliwerenga pabwalo m'Chichewa ndi m'Chilomwe, pamaso pa zidzukulu za amene adafotokoza nkhanizo, kuti eni ake awongole pamene mlendo adamva molakwa.