Nsambo za Besi Zikasasa Mawu

Piyano ili ndi makiyi 88 ndi nsambo zoposa 200. Nsambo za kumanzere, zoimba besi, ndi zachitsulo koma anazikulunga ndi waya wamkuwa kuti zilemere ndi kulira motsika.

Vuto limayambira pa mkuwa umenewu. Fumbi la m'chilimwe limalowa m'mipata yake, kenaka chinyezi cha chiperoni, chimene anzathu a ku Limbe ndi ku Bangwe amachidziwa bwino mu Juni ndi Julaye, chimalimata. Apo nsambo imalira ngati ng'oma yonyowa, ndipo oimba besi m'kwaya amasowa potsamira. Mkuwa ukakhwepa, mawu amanjenjemera.

Mmisiri amakhwefula nsamboyo, naikolola pa kamsomali ka kumapeto, naipukuta ndi nsalu youma. Akatero amaipota kamodzi motsata mmene mkuwa unazungulirira, naibwezera, naikunganso pang'onopang'ono. Akapota mobwerera, ndiye kuti waiononga.

Chonde anzanga, mafuta ayi! Amakoka fumbi ndipo nsambo imafa ndithu. Yatsopano sapeza m'sitolo za mu Victoria Avenue ngati misomali. Aipanga potengera muyeso wa yakaleyo. Tsono ikaduka musataye zidutswa zake, kaperekeni kwa Bambo woyang'anira kwaya.