Kusankha pomangira webusayiti ya maphunziro apadera a zilankhulo

Aphunzitsi ambiri amene akutsatira maphunziro athu ano ali ndi anthu omwe amawaphunzitsa paokha kunja kwa sukulu. Kuno ku Mutare ntchitoyi siisowa chifukwa cha pamene mzindawu uli. Chipata cha Forbes, chomwe kutsidya kwake ndi Machipanda ku Mozambique, chili pafupi kwambiri ndi tawuni, ndipo msewu ndi njanji zopita ku doko la Beira zimadutsa pompano. Amalonda ndi oyendetsa malole amafuna Chipwitikizi choti alankhulire kutsidyako. Ophunzira obwera ku Africa University kuchokera ku Mozambique, Angola ndi Congo amafuna kunola Chingerezi. Palinso adzukulu a anthu amene adachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu: ena mwa iwo akufuna kuphunzira Chichewa cha agogo awo, chomwe malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Mphunzitsi akaona kuti anthu akuchuluka, amayamba kuganiza za webusayiti. Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Ndimange pa WordPress kapena pa Wix?" Funsoli ndi labwino, koma limabwera msanga. Pali zina ziwiri zoyenera kuzidziwa kaye: foni imene wophunzira wanu ali nayo m'manja, ndi njira imene adzakulipirireni.

Tisanafike kumeneko, tisiyanitse zinthu zitatu zimene ogulitsa amakonda kuzimanga mtolo umodzi. Domain ndi keyala yanu ya pa intaneti, dzina limene munthu amalemba kuti akupezeni. Hosting ndi malo a lendi pa kompyuta yaikulu, yotchedwa seva, yomwe imasunga masamba anu ndipo siizimitsidwa usana ndi usiku. Pulogalamu yomangira, monga WordPress, ndi chida chokonzera masambawo. Taganizani za wogulitsa pa msika wa Sakubva: dzina limene makasitomala amamudziwa nalo ndi lake, benchi ndi la lendi, ndipo kayalidwe ka katundu akhoza kukasintha tsiku lililonse. Akasamuka benchi, makasitomala amamutsata malinga ngati dzina lija sadalitaye.

Foni ya wophunzira

Ophunzira anu ambiri adzatsegula webusayiti yanu pa foni, osati pa kompyuta. Ambirinso amagula bandulo ya WhatsApp yokha, chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndipo bandulo imeneyi siitsegula masamba ena. Choncho munthu akamatsegula tsamba lanu akugwiritsa ntchito deta yodula, yomwe akuiwerenga ngati machesi. Tsamba likachedwa kutseguka, amalitseka osadikira.

Izi zikutiuza ntchito yeniyeni ya webusayiti ya mphunzitsi mmodzi. Iyenera kunena kuti ndinu yani, mumaphunzitsa chilankhulo chanji, kwa anthu a msinkhu uti, masiku ati, pa mtengo wanji. Ikhale ndi phunziro limodzi kapena awiri oti munthu alawe, ndi batani lomutengera ku WhatsApp yanu. Maphunziro enieniwo akhoza kupitirira kuchitikira pa WhatsApp kapena maso ndi maso. Webusayiti ndi chikwangwani ndi khomo. Kalasi siyenera kukhala momwemo.

Ife aphunzitsi a zilankhulo tili ndi mwayi pano, chifukwa chimene timafuna kwambiri ndi mawu omveka m'khutu, ndipo mawu salemera. Fayilo ya MP3 yojambulidwa pa 64 kbps imatenga pafupifupi theka la megabayiti pa mphindi imodzi, ndiye phunziro la mphindi khumi silifika mamegabayiti asanu. Chithunzi chimodzi chochokera pa foni yamakono, chosachepetsedwa, chikhoza kulemera chimodzimodzi ndi phunziro lonselo. Kanema wa mphindi khumi amalemera kuwirikiza kambirimbiri. Ndiye musanasirire tsamba lokhala ndi kanema woyenda kumbuyo kwa mawu, kumbukirani amene adzalipire deta yake.

Ndalama zolowa ndi zotuluka

Apa ndi pamene malangizo ambiri olembedwa ku Ulaya ndi ku America amatisokeretsa. Amakuuzani kuti ikani batani loti anthu alipire ndi khadi, kudzera ku Stripe. Koma Stripe siitsegulira akaunti bizinesi yolembetsedwa ku Zimbabwe, Malawi, Zambia kapena Mozambique. Komanso ophunzira athu ambiri ndalama zawo zili pa foni: EcoCash ku Zimbabwe, Airtel Money ndi TNM Mpamba ku Malawi, M-Pesa ndi e-Mola ku Mozambique. Ku Zimbabwe kuli Paynow, yomwe imalandira EcoCash ndi makhadi ndipo imalumikizika ndi WordPress. Wophunzira wa kunja kwa dziko nthawi zambiri amatumiza kudzera ku makampani otumiza ndalama monga Mukuru. Kwa mphunzitsi wa ophunzira makumi awiri, kulemba bwinobwino pa tsamba njira zolipirira za dziko lililonse n'kokwanira. Kulipira mtengo wapamwamba wa "sitolo ya pa intaneti" yomwe ophunzira anu sangathe kuigwiritsa ntchito n'kutaya ndalama.

Mbali inayo ndi ya ndalama zimene inuyo muzilipira. Makampani akunja amafuna madola, kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard, mwezi uliwonse kapena chaka chilichonse. Ndalama zathu sizikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 dola imodzi ku Malawi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira hosting ya kunja adadzuka lendi yake itakwera pomwe fizi ya ophunzira ili pomwepo. Ku Zimbabwe ndalama idasinthidwa mu Epulo 2024 pamene kudabwera ZiG. Ngati ophunzira anu amalipira m'ndalama ya m'dziko, funani kampani ya hosting yomwe inunso mungailipire m'ndalama yomweyo, kapena lipiriranitu chaka chathunthu pamene muli ndi madola.

Pulogalamu yomangira

Wix ndi Squarespace amakupatsani zonse pamodzi, chida chomangira ndi hosting. Mumakoka zithunzi ndi mawu n'kuziika pamene mukufuna, ndipo tsiku lomwelo tsamba layima. Ubwino wake ndi umenewo. Vuto ndi lakuti webusayiti yomangidwa pa Wix simungainyamule kupita nayo ku kampani ina. Mukafuna kuchoka, mumanganso kuyambira pansi. Ya ulere ya Wix imaonetsa malonda a kampaniyo pa tsamba lanu, ndipo keyala yake imakhala ndi wixsite.com m'kati mwake.

WordPress idayamba mu 2003, ndipo lero mawebusayiti oposa anayi pa khumi alionse padziko lapansi amayendera pulogalamuyi. Samalani, pali ziwiri za dzina limodzi. WordPress.com ndi kampani yomwe imakusungirani tsamba. WordPress.org ndi kumene kumapezeka pulogalamu yeniyeniyo, ya ulere, yomwe mumaiika pa hosting iliyonse imene mwasankha, ndipo mukatopa nayo kampaniyo mumanyamula zonse n'kusamuka. Mtengo wa ufulu umenewu ndi ntchito: pulogalamuyi ndi timapulogalamu towonjezera timene mwaikamo ziyenera kukonzedwa ndi zatsopano nthawi ndi nthawi, apo ayi akuba a pa intaneti amalowerapo. Ikani towonjezera tochepa, tokhato tofunika.

Ambiri a inu mumaidziwa Moodle, yomwe Martin Dougiamas wa ku Australia adaitulutsa mu 2002. Imalemba mayina a ophunzira, imapereka mayeso, imachonga, imasunga malikisi, ndipo pulogalamu yake ya pa foni imalola wophunzira kutsitsa phunziro n'kumaliwerenga popanda netiweki. Kwa koleji kapena gulu la aphunzitsi amene agwirizana, ndi chida chabwino kwambiri. Kwa mphunzitsi mmodzi wa ophunzira khumi ndi asanu, kuli ngati kugula thirakitala yolimira dimba la kuseri kwa nyumba. Imafuna seva yamphamvupo ndi munthu woisamala.

Maganizo anga ndi awa: amene akungoyamba kumene, wopanda ndalama, amange pa Google Sites, yomwe ndi ya ulere ndipo imalola kulumikiza domain yanuyanu. Amene ali ndi ophunzira okhazikika atenge WordPress pa hosting yotsika mtengo.

Chilichonse chimene mungasankhe, chiyeseni ndi zilembo zathu musanalipire. Lembani "Malaŵi", "ng'ombe" ndi "coração" m'mutu wa tsamba ndi m'kati mwake, kenako muone pa foni. Zilembo zina zokongoletsedwa zilibe ŵ kapena ç, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha maonekedwe ena. Wogulitsa nsapato sizingamupweteke, koma mphunzitsi wa chilankhulo amene tsamba lake likulephera kulemba chilankhulocho amataya ulemu kwa makolo.

Hosting ndi dzina lanu

Hosting yogawana, pamene mawebusayiti ambiri amakhala pa seva imodzi, ndi yokwanira pa ntchito yathu. Ena amafunsa ngati seva iyenera kukhala pafupi. Zimbabwe, Malawi ndi Zambia alibe nyanja yamchere, ndipo intaneti yawo yopita kunja imadutsa m'mayiko oyandikana nawo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja, monga zimene zimatulukira ku Maputo ndi ku Dar es Salaam. Seva ya ku Harare kapena Johannesburg imayankha msangako kuposa ya ku America, koma kusiyanako ndi kadontho chabe poyerekeza ndi kulemera kwa tsamba. Chimene sindilangiza n'komwe ndi kusunga webusayiti pa kompyuta ya kunyumba. Magetsi akathima, inunso mwathima.

Musanasayine, funsani mtengo wa chaka chachiwiri, chifukwa wa chaka choyamba nthawi zambiri ndi nyambo. Funsani ngati amasunga kope la webusayiti yanu tsiku lililonse, ndi ngati kulibwezeretsa kumalipiritsidwa. Funsani za satifiketi ya SSL, yomwe imachititsa keyala kuyamba ndi https. Let's Encrypt imaipereka ulere, ndipo popanda iyo Chrome imachenjeza mlendo kuti tsambalo si lotetezeka. Kenako atumizireni funso Loweruka madzulo muone kuti ayankha liti.

Pa zonsezi, domain ndiyo yoyenera kuigwira ndi manja awiri. Ilembetsedwe m'dzina lanu, ndi imelo yanu, ndipo mawu achinsinsi akhale kwa inu. Nkhani yomvetsa chisoni imene imabwerezeka ndi iyi: mphunzitsi apempha mphwake wodziwa makompyuta kuti amumangire webusayiti, mnyamatayo alembetsa zonse pa imelo yake, kenako apita ku Joni n'kusintha nambala. Chaka chikatha, uthenga wokumbutsa kulipira upita kwa iye, domain itha, ndipo keyala yomwe idasindikizidwa pa makadi ndi zikwangwani ilozera pa tsamba lopanda kanthu, mwinanso la munthu wina. Palibe amene adaba. Palibe amene adaganizako basi.

Domain yothera ndi .co.zw, .mw, .co.zm kapena .co.mz imauza anthu kumene muli, ndipo makolo a m'dzikomo amaikhulupirira. Amene ophunzira ake ali mbali zonse ziwiri za malire angakonde .com, yomwe nthawi zambiri imagulidwa pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka. Dzinalo likhale lalifupi, loti munthu alilembe molondola atangolimva pa foni.

Mukayamba kulandira mayina, manambala a foni ndi mawu ojambulidwa a ophunzira, lamulo limakukhudzani. Zimbabwe ili ndi Cyber and Data Protection Act ya 2021, Zambia ili ndi lamulo lake la chaka chomwecho, ndipo Malawi idakhazikitsa lake mu 2024. Fomu yanu ifunse zokhazo zimene mukufunadi. Musaike chithunzi, mawu kapena zotsatira za mayeso za mwana pa tsamba popanda chilolezo cholembedwa cha kholo, ngakhale mwanayo atakhoza bwanji. Ndipo inu amene muli pa ntchito ya boma, werengani kaye malamulo a unduna wanu: ku Zimbabwe unduna wa maphunziro wakhala ukuletsa aphunzitsi kulipiritsa ana a sukulu zawo maphunziro owonjezera, ndipo mitengo yolembedwa pa webusayiti imaonedwa ndi aliyense, kuphatikizapo ahedi anu.