Manja Amene Amatembenuza Wodwala Usiku

Dokotala amayendera odwala m'mawa, namwino amabwera ndi mankhwala nthawi ikakwana. Koma agogo amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko akadzinyowetsa pabedi 2 koloko usiku, amene amafika ndi beseni ndi nsalu zouma ndi wothandiza odwala, amene ambirife timangoti atendanti.

Iyeyu salemba mankhwala ndipo sabaya jakisoni. Amasambitsa odwala, kudyetsa phala amene sangathe kugwira supuni, kuyala pabedi ndi kuperekeza odwala kokajambulitsa. Akaona kuti wina wasiya kudya kapena akupuma mobanika, amathamangira kwa namwino.

Ntchito imene ambiri saiona ndi yotembenuza wodwala. Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa lakanikiza khungu: m'chiuno, kumapeto kwa msana ndi kuzidendene. Pamenepo pamabuka bala limene limatha kudya mnofu mpaka kufika pafupa, ndipo likalowa tizilombo munthu atha kufa nalo, matenda amene anabwera nawo atayamba kale kuchepa. N'chifukwa chake wodwala amene sangathe kudzitembenuza yekha amafunika kumusintha kagonedwe maola awiri alionse, usana ndi usiku. Pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka msanga, choncho atendanti wodziwa ntchito amakhudza ndi dzanja, kufufuza pamene patentha, palimba kapena pada kuposa pena. Akapapeza satikitapo ayi. Amaika pilo kuti malowo asagunde matiresi, kenaka amauza namwino.

M'zipatala zathu za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, wodwala amabwera ndi womudikirira. Apa ndiye pali mwayi. Atendanti wina amakalipira womudikirira kuti atuluke, wina amamuitana kuti agwire mapewa, iye agwire m'chiuno, atembenuzire limodzi. Wachiwiriyu ndiye waitha, pakuti kumudzi kulibe namwino, ndipo amene adzatembenuze agogo pamphasa ndi mwana wawo yemweyu.

Pa 11 February, tsiku la Amayi Maria a ku Lourdes, Mpingo umakumbukira odwala monga anakhazikitsira Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1992. Miphakati imapita kuchipatala ndi sopo, shuga ndi mapemphero. Chaka chino, mukapereka mphatsozo, mupemphe atendanti akuonetseni katembenuzidwe ka wodwala, chifukwa mumphakati mwanu momwemo muli wina amene wagonera mbali imodzi kuyambira dzulo.